Mitanga Khumi ndi Iwiri

Tinanyamuka ku Hull mvula ikuwaza,
ana khumi ndi anayi m'minibasi ya mpingo,
ine pachiwongolero, Mayi Thwaites kaundula ali pamwendo.
Ena anabwera ndi zikwama zamateyala.
Kian anabwera ndi jumbo yakuda yotayira zinyalala
ataimanga mfundo ziwiri pakamwa,
ndipo anakana kuti wina amunyamulire.

Ndisaname:
ndisanakwere ndege zaka zisanu ndi zinayi zapitazo
ndinkati njala sangaipatse viza,
kuti imathera pabwalo la ndege ikubayibitsa.

Pafamu ina kufupi ndi Pickering
anasamutsa nkhosa kuti ife tikhome matenti.
Dzuwa la Julaye ndi mlendo wosadziwa kutsanzika,
naini koloko likadali pakhomo,
ana akadali kuthamangitsa mpira m'udzu wonyowa.
Tegan analira ataona ng'ombe maso ndi maso,
mawa lake anaipatsa dzina.
Mdima utabwera, weniweni, wopanda nyali za mumsewu,
onse anangoti zii,
makosi m'mwamba,
wina n'kufunsa ngati nyenyezi zonsezo zimakhalapo masiku onse
kapena taziyatsira iwo.

Usiku wachiwiri, ndikuyendera matenti ndi tochi,
ndinaponda sokosi yolemera.
M'kati mwake mabanzi atatu,
soseji wokulunga m'pepala,
timapaketi ta shuga tisanu.
Dzanja lobisa chotere ndimalidziwa.
Linali langa kale,
chaka chimene tinkagona ndi madzi m'mimba
ine n'kumakwirira chimanga chokazinga kuseri kwa sukulu.
Ndinaibweza sokosiyo pomwe inali
ndipo sindinalembe kanthu m'buku la malipoti.

Lachitatu Abusa Ogden anaima m'khola lakale
lomwe tinalisandutsa tchalitchi,
gitala pambali, mabelo a udzu ngati mipando,
akufotokoza za mikate isanu ndi khamu lija,
kuti onse anakhuta, zotsala n'kudzaza mitanga khumi ndi iwiri.
Kian, amene sanaimbe nyimbo ngakhale imodzi sabata yonse,
anakweza mkono.
Nanga mitangayo anapita nayo ndani?
Abusa anavula magalasi.
Anawapukuta nthawi yaitali.
Kunja nkhosa inalira ngati ikufunsanso.

Loweruka tinabwerera.
Pabwalo la tchalitchi makolo anatenga awo,
wina ndi galimoto, wina wapansi, wina akununkha dzulo.
Kian anatsala pa sitepe atakumbatira jumbo yake
mpaka anatulukira Paige, mlongo wake,
zaka khumi ndi zitatu, kiyi wa nyumba m'khosi,
akukankha ngolo ya khanda ngati mayi wa ana anayi.
Ndinatsitsa katoni: buledi, nyemba zam'chitini, maapozi, tchizi.
Iye anaumitsa nkhope.
Sitipemphetsa ife.
Ndinati ayi, izi ndi zotsala chabe,
ndipo mng'ono wakoyu anafunsa funso
lomwe latisowetsa tulo akuluakulu.
Kian anagwira katoniyo mbali imodzi,
iye mbali inayo,
osacheuka.

Tsopano ndikusesa minibasi ndekha.
Mchenga, udzu, chipewa cha wina,
kamtanda ka timitengo komanga ndi ulusi wofiira.
Lolemba ndibwerera kosamalira okalamba,
kukatembenuza matupi opepuka ngati mapepala.

Ambuye, tawapatsa masiku asanu ndi limodzi.
Chaka chili ndi mazana atatu ndi kanthu,
ndipo dzinja la kuno limadya ndalama za mita ya magetsi
lisanadye munthu.
Masiku asanu ndi limodzi,
ochepa ngati kamba wa mnyamata uja m'chipululu.
Ndawaika m'manja mwanu momwemo, osakwanira.
Anyemeni.
Pansi pa mpando wakumbuyo ndapeza sokosi ija,
yopanda kanthu,
ndipo sindikudziwa ngati anadya,
kapena anaiwala kuopa.